Matenda a Maphatikizo Asanu ndi Atatu

Lolemba, 4 Ogasiti

Andigoneka. Wodi ya abambo, bedi 9, pafupi ndi zenera losatseguka. Kope ili linali la ntchito za ana anga kusukulu, ndang'amba masamba awiri oyamba. Ndizilembamo kuti masiku asandisokonekere, komanso kuti ndisamangoyang'ana kudenga.

Maso achita chikasu, mkodzo uli ngati tiyi wopanda mkaka, thupi lonse kuyabwa. Ululu uli pansi pa nthiti za kumanja ndipo ukufika mpaka paphewa. Kutentha kwa thupi 38.1. Atenga magazi timabotolo titatu, andiunika pamimba ndi makina aja amayamba akupaka mafuta ozizira. Dokotala wamng'ono wati mwala watseka njira ya ndulu ndipo uyenera kuchotsedwa. Ndafunsa kuti liti. Wati, "Abwana akakuonani mawa."

Pa fayilo ndaona dzina la matendawa: choledocholithiasis. Ndivomere, ndinamwetulira. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo m'nyuzipepala ndalembamo nkhani zingapo zoyamikira mawu ngati amenewa. Mkazi wanga anandiona.

"Inu, mukusekerera chiyani? Mwawina mphoto?"

Ndinamufotokozera kuti ndi mawu anayi a Chigiriki okokana ngati mabogi a sitima: ndulu, cholandirira, mwala, matenda.

"Chabwino," iye anatero. "Imwani madzi."

Lachiwiri, 5 Ogasiti

38.3. Diripi. Jekeseni wa mumtsempha m'mawa, masana ndi madzulo. Nambala ya chikasu m'magazi akuti ndi 96.

Ndiyambe ndi anthu. Pa bedi 10 pali telala, munthu woonda ngati singano yake yomwe. Anabwera Loweruka. Chakudya chimawaima pachifuwa osatsika, akadya buledi pakangotha mphindi zisanu wabwerera m'beseni. Koma pakamwa pokha sipatsekeka. Amanditcha Aphunzitsi.

Mabedi athu awiriwa anapatsidwa kwa wophunzira mmodzi, mayi wa zaka zoposa makumi anayi. Anagwira unamwino kumudzi zaka khumi ndi zisanu, kenako n'kubwerera kusukulu kuti akhale dokotala. A Telala amawatcha Achemwali, ndiye wodi yonse yatengera. Dzulo anakhala nane ola lathunthu, kufunsa ndi kulemba. Asanandigwire pamimba anayamba atikita manja awo kuti afunde. Bambo anga ankatero.

Itakwana 9 koloko alendo onse anatulutsidwa, mawailesi anazimitsidwa, ndipo analowa dokotala wamkulu wa maopaleshoni, ophunzira khumi ndi awiri ali pambuyo ngati anapiye. Muno amawatcha a Bolopeni. Sindinachedwe kudziwa chifukwa chake.

Atafika pa bedi langa Achemwali anatsegula kope lawo n'kuyamba m'Chingerezi: bambo wa zaka 54, mphunzitsi, ululu wa masiku asanu, maso achikasu, makina aonetsa kuti ali ndi... Anati "choledo-cholithi-yasisi", ch wake ngati wa chala.

Go, go, go. Bolopeni pa chitsulo cha bedi langa.

"Bwerezani."

Anabwereza chimodzimodzi. Ophunzira awiri kumbuyo anabisa nkhope m'makope.

"Matenda amene simungawatchule simungawachize," anatero a Bolopeni. "Mabedi anu tidzawaona mukadzaphunzira kulankhula. Bedi 11."

Anapita. Nkhope yanga sanaione n'komwe. Chitsulo chokha ndi chimene anakhudza.

Lachitatu, 6 Ogasiti

38.4. Usiku kuyabwa kunandinyanya, ndadzikanda mpaka miyendo yatuluka magazi.

Ndafunsa a Sisitala, namwino wamkulu wa wodi ino, kuti zimayenda bwanji. Andifotokozera akusintha diripi, osandiyang'ana. A Bolopeni amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi, masiku ena ali ku chipatala china. Maopaleshoni ndi Lachisanu. Mndandanda amalemba okha, ndipo amalembapo okhawo amene nkhani yawo aimva mpaka kumapeto. Wophunzira akapunthwa pa liwu, nkhani yathera pomwepo, pamodzi ndi bedi lake lachiwiri.

"Nanga fayilo?"

"Abwana fayilo sawerenga. Amati dokotala weniweni amamva ndi khutu."

"Nanga simungawaimbire foni?"

"Timawaimbira munthu akakomoka."

Ndinaganiza kuti akuseka. Sankaseka.

A Telala anamva zonse. "Ndiye kuti ine ndaima kumbuyo kwa sitima yanuyo, Aphunzitsi? Anthu anzathu amadwala matenda aulemu. Uja wa pa bedi 4 ali ndi hernia, kuyetsemula kamodzi latha, Lachisanu akumuchita. Inu mwasankha matenda ofuna munthu apume kawiri panjira."

Ndinawafunsa kuti awo ndi ati. Anandionetsa kapepala: achalasia. Ndinawauza kuti nalonso ndi la Chigiriki, tanthauzo lake chinthu chosamasuka.

"Eya, ndi ineyo ndendende. Thalauza yothina m'chiuno. Bola akanandipatsa lumo, ndikanamasula ndekha."

Mkazi wanga wabweretsa malalanje ndi tiyi. Ndamwa tiyi yekha.

Lachinayi, 7 Ogasiti

38.6. Nambala ya chikasu 141.

Wina anawauza Achemwali kuti ch wa m'mawu awa amamveka ngati k. Lero anayamba bwino: ko-le-do-ko. Mtima wanga unakwera nawo. Koma kumapeto lilime linathawira kwawo: "lithiyasisi".

Go, go, go.

"Mwayesako. Lachiwiri."

Ndinadzuka pa pilo. "Dokotala, pepani, ineyo ndi mwini wake wa..."

"Bambo, pano ndi pa kalasi. Wodwala salankhula." Ananena mwaulemu ndithu, mawu osalala ngati a pa wailesi. Chingerezi chawo n'chokoma, ndipo zimenezi zikundikwiyitsa koposa. Akanakhala mwana wa m'kalasi mwanga ndikanamuimika kutsogolo kuti anzake amvere.

Mndandanda wa mawa watuluka masana. Mayina asanu. Langa mulibe, la a Telala mulibe.

Mkazi wanga anapita ku ofesi ya chipatala. Amuuza kuti mndandanda ndi wa dokotala, iwo salowererapo. Atabwerako anakhala pansi n'kusenda lalanje lonse, kenako lachiwiri, popanda woti adye.

Lachisanu, 8 Ogasiti

38.5 m'mawa, 39.0 madzulo.

Ndaona anthu asanu akukankhidwa pa machira a matayala kupita ku opaleshoni, mmodzimmodzi. Wa hernia anatibayibitsa. Sindinamubwezere. Ndine munthu wa mtima wabwino, anthu amatero, koma lero ndamuchitira nsanje munthu chifukwa cha kufupika kwa dzina la matenda ake.

Masana ndinawaitana Achemwali.

"Mayi, khalani apa. Ndikuphunzitseni liwu lija."

Nkhope yawo inalimba. "Bambo, ine ndabereketsa amayi oposa chikwi. Ndasoka zilonda za zikwanje popanda dokotala pafupi. Chimene chili m'mimba mwanu ndikuchidziwa, ndachigwira ndi zala izi. Lero wodwala azindiphunzitsa kulankhula ngati mwana wa sitandade wani?"

"Sindikukunyozani."

"Aliyense amayamba ndi mawu amenewo."

"Mayi, ineyo ndikufuna kukhala ndi moyo. Khomo ndi pakamwa panu. Ine sindinasankhe, inunso simunasankhe."

Anakoka mpando.

Ndinatenga supuni ya tiyi n'kuyamba kugogoda pa chitsulo cha bedi, kamodzi pa phatikizo lililonse. Ko. Le. Do. Ko. Li. Thai. A. Sis. Asanu ndi atatu. Iwo akatchula amakwana asanu ndi anayi, chifukwa amawonjezera i kumapeto. Ndinawauza kuti si kulakwa kwawo. M'chinenero chathu phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, pakamwa pali potsegula. Ndife anthu osiya chitseko chotsegula. Chingerezi chimamenyetsa chitseko: sis, mano agundana, basi. Chachiwiri, ife timatsamira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, nthawi zonse, osaganizira n'komwe. Liwu ili limatsamira pa lachitatu kuchokera kumapeto, pa thai. Chachitatu, th wake si wa thumba. Lilime lituluke pang'ono pakati pa mano, mpweya udutse.

"Lilime pakati pa mano?" anatero a Telala. "Achemwali musamale. Mukaluma, mabedi atha muno."

Achemwali anaseka mosafuna. Tinabwereza kakhumi. Kawiri anakhoza.

Loweruka, 9 Ogasiti

39.1. Asintha mankhwala, ayamba ena amphamvu. Dokotala wamng'ono wati mankhwala akungogwiriza, mwala sachotsa. Ndamufunsa ngati iyeyo sangawauze abwana. Wayang'ana nsapato zake. Chaka chino ndi chake chomaliza pansi pawo, ndipo kalata yake asayina ndi iwowo.

Lero ndili ndi mphamvu pang'ono, ndilembe za supuni.

Bambo anga anali mthandizi wa dokotala pa kachipatala ka zipinda zitatu. Sukulu sanapite nayo patali. Anali ndi dikishonale ya zachipatala yopanda chikuto, yomanga ndi mphira, ndipo Loweruka lililonse masana ankakhala patebulo ndi kapu ya malata ndi supuni. Ankatsegula paliponse, kuloza liwu ndi chala, n'kumagogoda pa kapu. Ine ndili pamiyendo pawo, chibwano chili patebulo. Fungo la sopo wa kuchipatala silinkachoka m'manja mwawo.

Liwu loyamba limene anandiphunzitsa linali pneumonia. Ndinayamba ndi "pi". Anandigwira pakamwa. "Ayi mwanawe. P ameneyu ndi mlendo wamanyazi. Amakhala pakhomo, salankhula. Koma usamuthamangitse, wachokera kutali." Kenako diarrhoea, kuyenderera. Haemorrhage, kuphulika kwa magazi. Ndinkaona ngati bambo anga ali ndi makiyi a nyumba ya mfumu. Amayi ankakuwa ali kukhitchini kuti kapu ibwere, ikufunika.

Zaka zisanu zapitazo ndinalemba nkhani ya m'nyuzipepala yokhudza Loweruka amenewa. Anthu anaikonda. Ndinalembamo kuti mawu a zachipatala ndi nyimbo, ndipo amene sawatchula bwino akuwononga nyimboyo. Ndinalemba ndi dzanja langali. Sindikudziwa ngati a Bolopeni anaiwerenga. Ngati anaiwerenga, ndiye kuti anagwedeza mutu kuvomereza.

Achemwali anabwera ngakhale ndi tsiku lawo lopuma. Anasiya ana atatu ndi apongozi awo. Kakhumi, kasanu anakhoza. Ndinawawonjezera liwu lina limene dokotala wamng'ono walemba dzulo, cholangitis, kutupa kwa njira ya ndulu. Ko-lan-JAI-tis. Ili ndi lalifupi, koma ndi limene limapha. Anandiuza okha zimenezi nditawafunsa maso ndi maso.

Lamulungu, 10 Ogasiti

39.4. Kunjenjemera mpaka bedi kulira. Nambala 212.

Tabwereza. Supuni anagwira ndi a Telala chifukwa dzanja langa silikukhazikika. Akugogoda bwino, akuti n'chimodzimodzi kupalasa makina osokera. Aphunzira lawonso: a-ka-LEI-zha. Akulitchula ngati dzina la chibwenzi.

Aonda kwambiri. Akumwa tiyi ataimirira, n'kumadumpha pang'ono kuti atsike.

Ndakwiya ndi aliyense. Ndamukalipira mkazi wanga chifukwa cha pilo.

Lolemba, 11 Ogasiti

39.8. Sindikuona bwino mizere.

Kakhumi, kakhumi anakhoza.

Mawa.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndilipo. Chipinda cha odwala kwambiri. Mapaipi atatu.

Loweruka, 16 Ogasiti

Andibwezera pa bedi 9. 37.6. Ndamwa phala masupuni anayi. Bala ndi lalitali ngati chikhatho ndi theka, kapaipi kakutulutsa ndulu kupita m'thumba la pulasitiki.

Ndilembe za Lachiwiri ndisanaiwale. Zina ndikukumbuka ndekha, zina andiuza a Telala, amene akuti anaona zonse "ngati filimu yaulere".

9 koloko gulu linafika. Ine ndinali nditafunda mabulangete atatu, mano akugundana. Achemwali anatsegula kope. Bambo wa zaka 54, mphunzitsi. Anapuma. Ndinaona lilime lawo likukonzeka. Analitchula lonse, maphatikizo asanu ndi atatu, kutsamira pa thai, kutseka chitseko kumapeto. Ngakhale ndinali pakati pa moyo ndi imfa, mphunzitsi wa mwa ine anawachongera.

A Bolopeni anakweza nsidze. "Mwaona? Zimatheka. Pitirizani."

Anapitiriza. Anawerenga zimene akhala akuyenda nazo m'thumba sabata yathunthu. Kutentha kwa tsiku lililonse. Nambala ya chikasu, 96, 141, 212, lero 268. Kuthamanga kwa magazi kukutsika. Mkodzo wachepa kuyambira Lamulungu. Mawu awo sananjenjemere ngakhale pang'ono.

A Telala akuti bolopeni inalowa m'thumba yokha. Dokotala anandivundukula, kundigwira pamimba, kunditsegula maso. Aka kanali koyamba kundikhudza. Manja awo anali ozizira.

"Munthuyu wakhala chonchi kuyambira liti? Bwanji palibe anandiuza?"

Ndiye a Sisitala, amene sabata yonse sanakwezepo mawu, anayankha ali chiimire ndi thireyi ya mankhwala.

"Zinali pa mzere wachisanu, dokotala. Inu mumathera pa wachiwiri."

A Telala akuti akanakhala ndi mphamvu akanaimba m'manja. Dokotala analamula kuti chipinda cha opaleshoni chikonzedwe nthawi yomweyo, ndipo anathamanga okha kukasamba m'manja. Pasanathe ola ndinali pansi pa magetsi.

Anandichita bwino. Aliyense akutero, ndipo ndikukhulupirira. Akuti manja awo ndi osowa, anakhala nane maola anayi osakhala pansi. Impso zinatsala pang'ono kuima koma zayambanso. Mkazi wanga akuti ndiwathokoze. Ndikudziwa kuti ndiyenera kutero. Koma munthu akakukankhira m'chitsime n'kukuvuula mwaluso, umayamba ndi mawu ati?

Ndipo m'chipwirikiti chonsecho bedi 10 linadumphidwanso. Lachinayi dokotala sanayendere wodi, anali ndi msonkhano. Dzulo mndandanda unadutsa kachiwiri popanda a Telala.

"Sitima yanu inanyamuka, Aphunzitsi," anatero. "Ine ndatsala pa siteshoni ndi katundu."

Sanaseke ponena zimenezi. Ayamba kuwapatsa diripi.

Lamulungu, 17 Ogasiti

37.2. Ndayenda mpaka pakhomo la wodi ndi kubwerera, nditagwira thumba la ndulu ngati chikwama cha amayi a kumsika.

Andipatsa mwala wanga m'kabotolo. Ndi wochepa ngati mtedza, wobiriwira moderako. Maphatikizo asanu ndi atatu, sabata yathunthu, kanthu aka.

Achemwali anabwera kudzatsanzika. Nthawi yawo mu wodi ino yatha, mawa akupita ku wodi ya ana. Mabedi athu apatsidwa kwa wophunzira wina. Anaima pakati pa mabedi awiriwa osadziwa poika manja.

"A Telala, ndakulakwirani. Nkhani yanu ndinaikonza bwinobwino, masamba atatu. Sindinaiwerengepo ndi kamodzi komwe."

"Musadandaule, Achemwali. Ndinasokapo suti ya ukwati, mkwati n'kuthawa. Ntchito inali yabwinobe."

Anang'amba masamba atatuwo n'kuwaika pansi pa pilo ya a Telala kuti akapatse wobwerayo. Kwa ine anati, "Liwu lanu lija sindidzaliiwala. Koma sindidzalikonda."

Ndinati nanenso.

Atapita ndinakumbukira chinthu chimene sindinalembe m'nkhani ija ya m'nyuzipepala, chifukwa sindinkachiona ngati chinthu. Masiku a tchuthi ndinkawaperekeza bambo ku ntchito, ndinkakhala pa benchi pakhomo. Sindinawamvepo ndi tsiku limodzi akutchula pneumonia pamaso pa wodwala. Ankati, "Agogo, chifuwa chadzaza madzi, tikubayani masiku asanu." Supuni inkatsala kunyumba. Mawu aakulu aja anali a Loweruka, a iwo ndi ine, ngati mmene ena amaseweretsera bawo. Ine ndinatola masewerawo n'kusiya ntchitoyo, ndipo ndakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikuimika ana a eni kutsogolo kwa kalasi chifukwa cha th. Alipo mtsikana wina amene anasiya kukweza dzanja chaka chonse. Dzina lake ndikulikumbuka. Sindililemba muno.

Lolemba, 18 Ogasiti

36.9. Achotsa paipi imodzi.

Wophunzira watsopano wabwera, munthu wamanyazi wolankhulira m'khosi. Wawerenga pa fayilo ya a Telala: "achalasiya". A Telala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga. Ndinali nditalumbira mumtima kuti supuni ija sindiigwiranso. Kugogoda kulikonse ndi kuvomereza kuti khomo likhale pomwe lili.

Koma mikono ya a Telala yatsala ngati ndodo za ambulera.

Ndinaitenga. Tinabwereza mpaka nthawi ya alendo. Akakhala ndi ife akukhoza. Akangoganiza za bolopeni, lilime likuuma.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

36.8.

A Bolopeni anafika pa bedi langa akumwetulira. Anaona bala, anayamikira ntchito yawo yomwe. Kenako anandilankhula ngati mnzawo, ophunzira onse akumva.

"Ndamva kuti ndinu amene munamuwongola mayi uja. Ntchito yabwino. Ine ndimalimbana nawo ndekha, anthu amandiona ngati wankhanza. Koma ndinapita kunja ine, bambo. Ndinaimirira pamaso pa madokotala makumi atatu, ndinatchula liwu limodzi molakwika, anandiseka chaka chathunthu. Ana awa sindifuna adzasekedwe. Mukachira muzibwera Lachitatu lililonse muziwaphunzitsa."

Ndinawamvetsa, ndipo kuwamvetsako kunandiwawa kuposa bala. Usiku wonse ndinali nditakonza mawu olasa, ena a Chigiriki. Onse anathawa. Ndinangoti, "Dokotala, zikomo pondipulumutsa. Ndili ndi pempho limodzi. A pa bedi 10 akhala muno masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Muwamve mpaka kumapeto."

Anayang'ana wotchi. "Tiyeni timve."

Wophunzira anatsegula masamba atatu a Achemwali. Bambo wa zaka 49, telala, chakudya sichitsika kwa miyezi isanu ndi itatu. Anafika pa liwu lija. Pakamwa panatseguka, palibe chinatuluka. Kenako kanatuluka ka "acha". Bolopeni inakwera m'mwamba.

"A-ka-LEI-zha, bwana," anatero a Telala ali gone, mawu omveka mpaka ku bedi 1. "Anayi. Mutsamire pa lachitatu. Latchulidwa, eti? Pitiriza mwanawe, pa mzere wachitatu pali makilo amene ndataya."

Bolopeni inakhala m'malere. Ndinawerenga mumtima mpaka sikisi. Wina kumbuyo anatsokomola. A Sisitala anali akuyang'ana dokotala osaphethira.

"Lero lokha," anatero a Bolopeni. "Chifukwa cha aphunzitsiwa."

Wophunzira anawerenga masamba onse atatu. Makilo khumi ndi asanu ndi awiri. A Telala ali pa mndandanda wa Lachisanu, nambala wani.

Ndinatseka maso, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba. Ndisanawatsegule ndinamva pa bedi 11, pomwe pagona bambo wina wofika dzulo. Go, go, go. "Mabedi anu tidzawaona mukadzaphunzira kulankhula."

Lero lokha. Ngati kuti anatipatsa shuga wowonjezera mu tiyi.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Masana abwera amayi a pa bedi 11, akazi awo a bambo aja, kapepala kali m'manja. Anagwada pambali pa bedi langa.

"Pepani bambo. Akuti inu ndi amene mumathandiza kuti munthu alowe pa mndandanda."

Ndiye pafika pamenepa. Mbiri yanga mu wodi ndi ya munthu wodziwa njira ya kuseri. Ndinawauza kuti adzuke, ine si mfumu. Pa kapepala panali liwu la maphatikizo asanu ndi awiri. Ndinawauza kaye m'chinenero chathu matenda amene amuna awo akudwala, monga mmene dokotala wamng'ono anandifotokozera nditamuitana. Anati palibe anali atawauza. Kenako anakaitana wophunzira wa bedi lawo, tinayamba.

Ndalembera kalata akuluakulu a chipatala, masamba anayi, masiku ndi manambala onse kuchokera m'kope lino. A Sisitala aiwerenga n'kukonza tsiku limodzi limene ndinalakwitsa. Ati makalata otere amafika, amadindidwa. Ndati iyi ikadindidwa n'kugona, ndilemba ina m'nyuzipepala, pa tsamba lomwe lija ndinalembapo za nyimbo. Ndili ndi zoti ndibweze kumeneko.

Za Lachitatu lililonse sindinayankhe. Ndikapita, ndiye kuti ndamanga nawo khomolo. Ndikapanda kupita, wina agona sabata ndi mwala wake. Ndakwiya ndi mayankho onse awiri.

Loweruka, 23 Ogasiti

Anditulutsa. 36.7. Mapilitsi a masiku asanu, kudzachotsa ulusi Lachinayi, paipi yotsalayo pakatha masabata awiri. Zamafuta ayi.

A Telala anawachita dzulo. Lero m'mawa amwa madzi theka la kapu, akhala chete kudikira, dzanja lili pachifuwa. Madziwo sanabwerere. Anandiyang'ana maso ali jenjenje ndi misozi. "Aphunzitsi, atsika okha. Osadumpha." Kenako anafunsa a Sisitala ngati nyama iliko masana ano.

A pa bedi 11 sanalowe pa mndandanda. Wophunzira wawo anakhoza liwu loyamba Lachinayi n'kupunthwa pa lachiwiri. Adikira Lachiwiri.

Mkazi wanga walongedza zonse m'chikwama: fulasiki, kapu, mbale ziwiri, thaulo, kabotolo ka mwala. Tili m'khonde, ine ndikuyenda ngati nkhalamba, anaima n'kupisa dzanja m'chikwama.

"Inu, supuni ija ili kuti?"

"Yatsala pa ntchito."

Anafuna kubwerera kuti akaitenge. Ndinamugwira mkono. Kudzera pa chitseko cha wodi tinkaimva pa chitsulo cha bedi 10, pang'onopang'ono, ndi mawu a telala wa bala latsopano pamimba akuuza wophunzira wa bedi 11: "Ayi mwanawe, wawonjezera limodzi. Tseka pakamwa kumapetoko. Tiyenso."